Nyama ya Khirisimasi pa Khola Lathu la Gulu ndi Anthu Amene Timawathokoza Pomaliza

M'midzi yambiri ya m'Chigwa cha Shire, munthu akanena kuti Khirisimasi idayenda bwino amatanthauza kuti pakhomo padaphikidwa mpunga wa nyama, ana adamwa tiyi wamkaka ndi buledi m'mawa, ndipo wodutsa m'njira aliyense adaitanidwa kuti adzalawe thobwa. Mwambowu ndi wakale, koma si banja lililonse limene lingaukwanitse palokha, chifukwa chikondwererochi chimafika pa nyengo yowawa kwambiri kwa mlimi. Pofika kumapeto kwa Disembala nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, ndalama za thonje ndi chitowe zidatha kalekale, mbewu zangobzalidwa kumene kapena zikudikirabe mvula imene kuno imakonda kuchedwa, ndipo makolo amakhala akuganizira kale za fizi ndi makope a mu Januwale. N'chifukwa chake kwathu, m'mudzi wina wa pakati pa Nchalo ndi Ngabu, ndiwo za tsikuli zimachokera pa khola la gulu, pamene mabanja angapo timasungira pamodzi mbuzi, ng'ombe zowerengeka, nkhuku ndi nkhanga. Ndikufuna kufotokoza mmene timadyera tsikuli, komanso nkhani imene yakhala ikundisautsa mumtima, yakuti pakati pa onse amene timawathokoza, anthu amene adavutika koposa ndi ziwetozi, makamaka anyamata oweta, ndi amene timawakumbukira pomaliza.

Khola lathu lidayamba pambuyo pa madzi osefukira a mu Januwale 2015, amene adakokolola nyumba, mbewu ndi ziweto m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Mabanja amene adatsala manja lende adalandira mbuzi zochepa pa ndondomeko yopatsirana, imene lamulo lake ndi lakuti wolandira mbuzi yaikazi apereke mwana woyamba wamkazi wa mbuziyo kwa banja lina limene lili pa mzere. Mbuzi imatenga miyezi isanu ili ndi bere, imaswa mwana mmodzi kapena awiri, ndipo mwanayo ayenera kuyamba waleka kuyamwa asanaperekedwe, choncho wodikira amadikira nthawi yaitali ndithu. Akuluakulu adaona kuti mbuzi imodzi pakhomo pa munthu ndi yosavuta kuba, ndipo kuti mlangizi wa ziweto sangayendere makomo onse, ndiye adagwirizana zomanga khola limodzi la m'mwamba pa malo okwera amene amfumu adapereka. Pansi pake ndi pa timitengo totalikirana pang'ono kuti ndowe zizigwera pansi, ndipo manyowawo timagawana pokonzekera kudimba. Tonde ndi mmodzi wa gulu lonse, ndipo timamusinthanitsa ndi wa mudzi wina pakapita nthawi kuti asakwere ana ake omwe.

Pali lamulo limodzi limene silikambidwanso: mbuzi yaikazi siphedwa pa chikondwerero chilichonse, ngakhale nkhuli itavuta motani. Zimene timadya ndi mifule, imene imasankhidwa chapakati pa chaka n'kuyamba kusamalidwa mwapadera. M'chilimwe, minda ikakololedwa, imadya mapesi a mapira ndi a chimanga, masamba a mbatata ochokera kudimba, madeya amene amayi amasonkha, komanso nyemba za msangu zimene zimayoyoka dzuwa likafika poswa mtengo. Munthu wodziwa mbuzi amazindikira mfule wodya msangu pongoona kusalala kwa ubweya wake.

Kumayambiriro kwa Disembala kumakhala msonkhano umene sukhala wophweka. Ino ndi nthawi imene mitengo ya mbuzi imakwera, chifukwa ogula ochokera ku Blantyre amatsika mapiri a ku Thabwa kudzafuna nyama ya zikondwerero za m'tauni, ndipo chigwa chathu ndicho chimadyetsa mzindawo nyama yambiri. Mamembala ena amanena kuti n'kupanda nzeru kudya m'tsiku limodzi chiweto chimene chikadagula matumba a chimanga kapena mankhwala a njoka zam'mimba a khola lonse. Maganizo amenewa sindiwapeputsa konse. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti, mafuta ophikira ndi shuga zidakwera mtengo mwadzidzidzi, ndipo chaka chotsatira kudabwera chilala chimene chidachititsa boma kulengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi. Anthu a m'mbali mwa madambo adabwerera ku nyika, zija amakumba pansi pa madzi pakati pa ng'ona. Chaka chimenecho tidagwirizana kupha mfule mmodzi yekha, ena n'kugulitsa kuti tigule chimanga chogawana. Komabe ine ndili kumbali ya onena kuti pazikhala chophedwa chaka chilichonse, ngakhale chichepe bwanji. Banja limene lakhala likutunga madzi, kusesa pansi pa khola ndi kulondera usiku kwa miyezi khumi ndi iwiri liyenera kulawako zimene lidavutikira, apo ayi khola lingasanduke chinthu cha m'kaundula chabe, chimene anthu amangomva kuti chikukula koma osaona phindu lake m'mbale.

Nthawi zina chisankho sichikhala m'manja mwathu. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amabuka kawirikawiri m'chigwa muno, makamaka chifukwa ng'ombe zimayandikana ndi njati za ku nkhalango yosungira nyama ya Lengwe zimene zimasunga kachilomboka, ndipo akabuka boma limatseka misika ya ziweto, n'kuletsa kupha komanso kusamutsa ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba. Zikatero chiyembekezo chonse chimatsamira pa nkhuku, ndipo apa ndi pamene timayamikira amayi amene amayenda khomo ndi khomo kudonthezera nkhuku katemera wa chitopa m'diso miyezi inayi iliyonse. Popanda iwo, kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kukadamasesa nkhuku zonse Khirisimasi isadafike.

Zokonzekera zimayamba masiku angapo tsikulo lisadakwane. Amayi amaviika mapira, n'kuwafunditsa mpaka atamera, kenaka amawayanika ndi kuwasinja kuti akhale chimera chothira m'phala la thobwa. Thobwa la mapira limatuluka lofiirira ndipo liyenera kugonera usiku umodzi kuti likome, koma ndi kutentha kwa kuno silichedwa kusasa, choncho wophika amayenera kuwerengera bwino nthawi yake. Mpunga timagula kwa alimi a kutsidya la kum'mawa kwa Shire, kumene kuli masikimu a Nkhate ndi Muona, ndipo ndalama zake zimachokera ku banki mkhonde, imene magulu ambiri amagawana mwezi womwewu. Banja lililonse limabweretsa nkhuni, tomato, anyezi, mchere ndi kabotolo ka mafuta monga lingathere. Usiku wa pa 24 abambo amagona pa khola ambiri kuposa masiku onse, chifukwa akuba nawo amadziwa kuti nyama ili pa msika.

Kupha kumachitika m'mbandakucha, dzuwa lisadatuluke, popeza kulibe filiji ndipo nyama ikakhalitsa pa kutentha kwa kuno imayamba fungo masana asadafike. Amene amazinga ndi mnansi wathu wachisilamu, ngakhale kuti Khirisimasi si chikondwerero chake, ndipo tidasankha kutero kuti pasakhale munthu m'mudzi wokana nyamayo. Pa chifukwa chomwecho gulu silisunga nkhumba, poganiziranso abale athu opemphera Loweruka. Ndimakondwera kuona kuti mfule amamwetsedwa madzi madzulo ake, amatsogozedwa mofatsa, osamukwakwaza, ndipo amaphedwera kuseri kumene ziweto zinzake sizikuona, ndi mpeni wonoledwa bwino. Chiweto chimene chatipatsa manyowa chaka chonse n'kudzatipatsanso nyama yake sichiyenera kuzunzika pa ola lake lomaliza, ndipo ana amene amaonerera amaphunzirapo ulemu umenewu. Akamaliza kusenda, mlangizi kapena wothandizira wake amayang'ana chiwindi ndi mapapo, chifukwa ziweto zodya m'madambo zimakonda kukhala ndi tizilombo m'chiwindi, ndipo chiwindi chowonongeka chimakwiriridwa.

Kagawidwe ka nyama ndi kamene ndikufuna kukhalitsapo. Asadayambe kuika milu, pamapatulidwa kaye magawo aulemu. Mwendo umodzi umapita kwa amfumu, eni malo amene pali kholalo. Khosi limakhala la wozinga. Mutu ndi mang'ina zimatsalira abambo amene asenda, ndipo chiwindi chimaotchedwa pomwepo n'kuperekedwa kwa akuluakulu. Kenaka pamadulidwa nthuli za odwala, amasiye ndi agogo amene akulera zidzukulu, kaya ndi a m'gulu kaya ayi, ndipo atsikana amatumidwa kukapereka m'mbale zovindikira. Mtsikana akafika amagwada pakhomo n'kunena kuti, “Agogo, andituma kuti ndidzakupatseni kandiwo aka kochokera kukhola,” ndipo gogoyo amaomba m'manja asadalandire. Mwambo umenewu ndimaunyadira kwambiri, ndipo sindifuna kuti udzathe.

Yotsalayo imagawidwa pawiri. Ina imalowa mu nkhali yaikulu ya chakudya cha onse, ina imaikidwa m'milu pa masamba a nthochi, mulu uliwonse wokhala ndi mnofu, fupa ndi kamafuta. Pofuna kupewa kukondera, mwana wamng'ono amatembenukira kumbali, mlembi amaloza mulu, mwanayo n'kutchula banja limene litenge. Palibe amene amadandaula ndi mulu wotchulidwa ndi mwana. Zonsezi zikatha, m'beseni mumatsala tizidutswa ta matumbo ndi chifu, ndipo ndi pamene munthu wina amakumbukira kuitana anyamata oweta kuti adzatenge akaotche.

Anthu akaweruka ku mapemphero chakumasana amapeza mphasa zitayalidwa pansi pa mitengo ya nimu. Nyama imakhala itawira kaye ndi mchere wokha mpaka madzi kuphwa, kenaka n'kukazingidwa ndi anyezi ndi tomato, msuzi wake wochuluka kuti ukwanire mpunga wa aliyense. Nthumbwana zimaphikidwa mu mphika wapadera. Abambo amakhala kwaokha, amayi kwaokha, ndipo ana amazungulira mabeseni awo m'magulu, wamkulu pang'ono akuyang'anira kuti wamng'ono asamanidwe nthuli. Okalamba ambiri sakhuta ndi mpunga, ndiye amayi amawaphikira nsima ya mapira kapena ya mchewere, chakudya chimene chidalera chigwa chino chimanga chisadafale. M'gulu mwathu muli Amang'anja ndi Asena, amene miyambo yawo ya ukwati ndi ya chuma cha masiye imasiyana, koma pa mphasa za tsikuli kusiyanako sikuoneka, kupatula kuti nyimbo zimasinthana zilankhulo.

Asadasambe m'manja pamakhala mawu. Mkulu wa mpingo amapemphera kuthokoza Mulungu chifukwa cha moyo, mvula ndi ziweto. Wapampando amathokoza amfumu chifukwa cha malo, alangizi chifukwa cha uphungu, ndi onse amene adathandiza kuti mbuzi zoyamba zifike. Kenaka pamabwera gawo limene limandikhudza chaka chilichonse: banja lililonse limene lalandira mbuzi m'chakacho limaimirira n'kutchula banja limene lidalipatsa, ndipo opatsawo nawo amatchula amene adawapatsa iwo, mpaka mzerewo kukafika kwa oyamba aja a mu 2015, amene ena mwa iwo adatisiya. Mayi amene zaka zapitazo ankaima ngati wolandira amaima lero ngati wopereka, ndipo nkhope yake imasonyeza kuti akudziwa kulemera kwa zimenezi. Akuluakulu akamati kupatsa n'kuika, pa khola pathu mawuwo amaoneka ndi maso. Mtima wothokoza pagulu suli wachilendo kuno. Makolo athu sankadya zokolola zatsopano asadapereke nsembe, anthu a m'chigwa muno akhala akutumiza zopereka ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje kwa mibadwo yambiri, ndipo mipingo imachita masika chaka ndi chaka. Chimene chidasintha ndi malo ndi mawu ake basi.

Koma m'mawu onsewa, anyamata oweta amatchulidwa ndi chiganizo chimodzi chakumapeto, anthu atayamba kale kuyang'ana ku nkhali. Ndikupempha owerenga aganizire ntchito ya mnyamata ameneyu. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, iye amayenda mtunda wautali kufunafuna msipu pa nthaka yotentha yodzala minga, nthawi zambiri atavala nkhwaira zong'ambika. Mijigo ina ya kuno imatulutsa madzi amchere, ndipo yabwinoyo imakhala ndi mzere wa ndowa za anthu, choncho ng'ombe amakazimwetsa kumtsinje kumene ng'ona imatha kugwira thole kapena woweta yemwe. Mvula ikagwa ntchito imakula m'malo mochepa, chifukwa minda yonse ili ndi mbewu, ndipo mbuzi imodzi ikangolowa m'munda wa munthu mlandu umakafika kubwalo la amfumu, wokalipiridwa woyamba n'kukhala iyeyo. Ndiye amene amayamba kuona kuti mbuzi ikutsegula m'mimba, kuti ng'ombe ikutsimphina kapena ikutuluka dovu, ndipo kufulumira kwake kukanena n'kumene kumapulumutsa khola lonse. Ndiye amene amanyamula kamwana kobadwira kutchire n'kubwera nako pachifuwa, make akulira pambuyo.

Kumapeto kwa Januwale 2022, namondwe wotchedwa Ana atagwetsa mvula imene idawononga malo opangira magetsi ku Kapichira n'kudula msewu wa M1 m'malo angapo, madzi adafika m'mudzi mwathu usiku. Akuluakulu tidatanganidwa ndi ana, okalamba ndi timatumba ta ufa, monga zidayenera kukhalira. Amene adathamangira kukhola, n'kutsegula, n'kukusa ziweto mumdima kupita nazo kumtunda adali anyamata omwewa, ndipo ziwetozo zidawatsatira chifukwa zimadziwa likhweru lawo. Mu Malichi 2023, pa namondwe wa Freddy, adachitanso chimodzimodzi, n'kukhala kumtundako masiku angapo akugona pa mtetete pamodzi ndi mbuzi. Tidataya nkhuku zambiri ndi ana a mbuzi angapo, koma zazikazi zoswa zidapulumuka, ndipo mzere wopatsirana sudaduke. Nyama iliyonse imene tadya pa Khirisimasi kuyambira pamenepo idachokera m'mimba mwa mbuzi zimene iwo adapulumutsa.

N'chifukwa chake ndikuona kuti kuwapatsa zotsalira za m'beseni n'kulakwa, ngakhale palibe amene amachita zimenezi ndi mtima woipa. Tidangotengera chizolowezi cha m'makomo, chakuti mwana amadya akulu akatha, n'kuchibweretsa pa malo pamene mwanayo ndiye wagwira ntchito yaikulu. Pa mwambo wathu, dongosolo la kagawidwe ka nyama ndilo limaonetsa amene tikumulemekeza, ndipo aliyense wokhala pa mphasa amaliwerenga bwino dongosololi ngakhale pasayankhulidwe kanthu. Mnyamata amene wamva dzina lake m'pemphero koma n'kulandira kachidutswa ka chifu amadziwa malo amene tamuika.

Ndidayamba ndakambapo nkhaniyi ndi malume anga, amene ndi mmodzi wa akuluakulu a gululi, ndipo yankho lawo lidali lakuti mwana akazolowera kudya chiwindi akulu alipo amayamba mwano, komanso kuti iwo adaweta ng'ombe za atate awo popanda kuyembekezera kuthokozedwa. Ndimawalemekeza ndipo ndikumvetsa chimene akuteteza. Koma iwo ankaweta ng'ombe zimene adadzalandirako cholowa, pamene anyamata athu akuweta ziweto za mabanja ambiri, zimene palibe ngakhale imodzi yolembedwa m'dzina lawo. Ena mwa iwo ndi ana a mabanja osaukitsitsa m'gululi, amene makolo awo amawapereka kuti aziweta m'malo mwa ndalama za mwezi ndi mwezi zimene sangakwanitse kusonkha. Choncho banja losauka limalipira ndi sukulu ya mwana wake, pamene ana a mabanja opezako bwino ali m'kalasi. Maphunziro a pulayimale akhala aulere m'dziko muno kuyambira 1994, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti khola limene tidamanga pofuna kuchotsa umphawi likhale chifukwa choti mwana azijomba.

Sindikuiwala amayi, amene nawonso kuthokozedwa kwawo kumathera pa kukoma kwa ndiwo, ngati kuti ntchito yawo idayamba m'mawa wa tsikulo. Ndiwo amene amasenza madzi a mbuzi zoyamwitsa ndi zodwala zimene sizipita kubusa, ndiwo amasesa ndi kututa manyowa, ndipo pa tsiku la chikondwerero amadya pomaliza, ataimirira pa moto kuyambira m'mawa pa kutentha kumene munthu wokhala pamthunzi amakudandaula. Chaka chatha abambo angapo adadzipereka kuwaza nkhuni ndi kutsuka nkhali, ndipo ndikufuna kuti zimenezi zilembedwe m'malamulo a gulu kuti zisamadalire kukoma mtima kwa munthu.

Pa Chaka Chatsopano sitiphanso mbuzi. Banja lililonse limadyera kwawo, ena nkhuku kapena nkhanga, ena mlamba wowamba wochokera ku dambo la Elephant Marsh, ndipo amene adasunga mulu wawo pouwamba pa moto amaumaliza tsikuli. Sabata yotsatira gulu limakumana kuti liwerenge ziweto, lilembe zobadwa ndi zakufa, ndi kutchula mabanja amene alandire mbuzi m'chaka chatsopanocho.

Pa msonkhano umenewo ndikapereka mfundo zitatu, ndipo amayi angapo andilonjeza kale kuti adzaziikira kumbuyo. Ndikapempha kuti gawo la oweta lizipatulidwa pamodzi ndi la amfumu, milu isadaikidwe, ndipo liziperekedwa pamaso pa onse powatchula mayina mmodzimmodzi. Ndikapemphanso kuti masiku a sukulu aziweta ndi akuluakulu mosinthana, banja lililonse tsiku lake, ana azithandiza Loweruka ndi pa tchuthi pokha, ndipo ngati kusinthanako kwavuta tilembe munthu wamkulu amene tizimulipira pogulitsa mfule mmodzi pa chaka. Mfundo yachitatu ndi imene ndikudziwa kuti idzavuta kwambiri, chifukwa ikutanthauza kuti mabanja ena adikire miyezi yoonjezera: mnyamata aliyense amene adakusa ziweto pa namondwe wa Ana ndi wa Freddy alowe pa mzere wopatsirana, alandire kamsoti ka mbuzi kolembedwa m'dzina lake, ndipo nayenso adzapereke mwana woyamba wamkazi wa mbuziyo kwa wina monga timachitira tonse.